MSEU WATHU: M'MENE TINGAFUNSIRE KU KHONSOLO



Mwezi uno tifuna kukamba nanu nkhani ya miseu. Dziko lathu la Dedza ndi dziko la chonde ndi la mphepo yozizira. Boma lenileni lakhala pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo phiri la Dedza lipitirira apo kufikira mamita pafupifupi 2,200. Kuno kubereka mbatata ya kachewere, nyemba, kabichi, tomato, soya ndi chimanga, kotero kuti a ku Lilongwe ndi a ku Blantyre adya zambiri zochokera m'minda ndi m'madimba mwathu. Pa kalembera wa 2018 adawerenga anthu oposa 830,000 m'boma muno, ndipo ochuluka a iwo akhala kutali ndi tala.

Koma thumba la mbatata siliyenda lokha kunka ku msika. Mseu ukadukaduka, galimoto la ogula silifika pamudzi. Likafika, wogula atsitsa mtengo, nati matayala ake ndi mafuta ake zathera m'matope mwanu. Mlatho ukakokoloka, ambulansi iima tsidya lija, ndipo mayi wodwala pakati amtengera pa ngolo kapena pa machila usiku, mvula ili kugwa. Ana sapita ku sukulu mtsinje ukadzaza, ndipo mphunzitsi wotumizidwa kwanu ayamba kupempha kuti amsamutse. Chotero mseu woipa udya ndalama za banja, ndipo nthawi zina udya ndi moyo womwe.

Zonsezi tizidziwa, ndipo tizikamba pamjigo, pachigayo ndi pamaliro. Koma mau a pachigayo, ngakhale akhale oona chotani, alibe miyendo yokafikira ku ofesi. Ndipo kudandaula ndi kufunsa nzosiyana. Wodandaula ati: "Mseu wathu waipa," ndipo womumva angathe kungopepesa nkhani nkutha. Wofunsa ati: "Tionetseni pepala lonena ndalama zimene zidaikidwa pa mseu uno, ndi amene adapatsidwa ntchito." Funso lotere, malinga ndi malamulo a dziko lino, liyenera kuyankhidwa. Akulu adati safunsa adadya phula. Tiyeni tsono tione kafunsidwe kake.

KALE NDI LERO

Makolo athu sadali ndi mwai umenewu. Pa nthawi ya Azungu, Bwana D.C. akati ayendere midzi, uthenga unkatsogola kwa amfumu, ndipo mudzi wonse unkatuluka ndi makasu kukalambula njira. Mu 1933 boma lija lidapatsa mafumu akulu mphamvu zoweruza ndi zoyang'anira maiko ao, koma munthu wamba ntchito yake idali yokhoma msonkho ndi kulima mseu. Kufunsa kumene msonkho wapita sikudali kwa iye.

Lero zidasintha, ndipo ndi bwino kuti banja lililonse lidziwe malamulo atatu awa.

Loyamba ndi Malamulo Aakulu a dziko lino a 1994. Gawo 37 liti munthu aliyense ali ndi ufulu wopeza nkhani zimene boma lisunga, pa msinkhu uliwonse wa boma, ngati nkhanizo zifunika kuti iye agwiritse ntchito ufulu wake. Gawo 30 linena za ufulu wa chitukuko, ndipo pakati pa zinthu zimene anthu onse ayenera kupeza mofanana litchula maphunziro, chithandizo cha chipatala ndi zomangamanga. Mseu uli m'gulu limenelo.

Lachiwiri ndi lamulo la maboma ang'ono la 1998, limene lidatsitsira mphamvu zambiri ku makhonsolo, kuti zofuna za anthu zizikambidwa pafupi ndi eni ake. Makhansala adasankhidwa mu 2000. Nthawi yao itatha mu 2005 dziko lidakhala zaka 9 lopanda makhansala, kufikira chisankho cha 2014. Kuyambira pamenepo asankhidwa pamodzi ndi aphungu, mu 2019 ndi mu Sepitembala 2025. Khansala ndiye munthu wa dera lanu m'bwalo la khonsolo, ndipo mpando umene akhalapo mudampatsa ndinu.

Lachitatu ndi lamulo la ufulu wopeza nkhani, limene pa Chingerezi alitcha Access to Information Act. Nyumba ya Malamulo idalivomereza mu Disembala 2016, Pulezidenti Peter Mutharika adalisainira mu Febuluwale 2017, ndipo lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, nthawi ya Pulezidenti Lazarus Chakwera. Lamuloli ndilo lifotokoza kafunsidwe, masiku oyankhira, ndi kokadandaula munthu akamanidwa yankho. Bungwe loliyang'anira ndi Malawi Human Rights Commission.

MSEU ULIWONSE ULI NDI MWINI WAKE

Wofuna kubweza ngongole ayamba wadziwa khomo la mwini ndalama. Chimodzimodzi wofunsa za mseu ayambe wadziwa ofesi yoyenera. Miseu ya dziko lino idagawidwa m'magulu, ndipo gulu lililonse lili ndi chilembo chake. Miseu ikuluikulu ndi ya chilembo M, monga M1 wochokera ku Lilongwe kudzera pa Linthipe, pa Chimbiya ndi pa Dedza kunka ku Ntcheu, ndi M5 wa kunyanja wodzera pa Mtakataka ndi pa Golomoti. Yotsatira ndi ya chilembo S, monga mseu wokhotakhota wa Khwekhwerere, wotsika kuchokera pa Masasa kunka ku Golomoti. Kenaka pali ya chilembo T, ya chilembo D, ndi tinjira tambirimbiri ta m'midzi topanda nambala.

Miseu ikuluikuluyo ili m'manja mwa bungwe la Roads Authority, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2006. Chaka chomwecho adakhazikitsanso Roads Fund Administration, bungwe losunga thumba la ndalama za miseu. M'thumba limenelo mulowa kandalama kodulidwa pa lita iliyonse ya petulo ndi dizilo, ndi ndalama za pa zipata zolipiritsa magalimoto. Chipata choyamba chidatsegulidwa pa Chingeni ku Ntcheu mu 2021, ndipo chachiwiri chili m'boma lathu lomwe lino, pa Kalinyeke, kuyambira mu 2022. Onani tsono kuti ngakhale inu amene mulibe galimoto muponyako m'thumba limeneli, pakuti mtengo wa mafuta uli m'kati mwa ndalama imene mulipira pa minibasi, pa njinga yamoto ndi pa chigayo cha dizilo.

Miseu yaing'ono, yolowa m'midzi, yonka ku masukulu, ku zipatala zazing'ono ndi ku misika ya kumudzi, ndiyo igwa m'manja mwa khonsolo. Ku ofesi ya khonsolo ya Dedza mkulu wa antchito onse ndi Bwanamkubwa, amene timutcha D.C., ndipo pansi pake pali mkulu woona za zomangamanga, amene asunga mndandanda wa miseu ndi milatho. Ndalama zokonzera miseu yotere sizichokera m'thumba limodzi. Zina zichokera ku thumba la chitukuko cha boma, zina ku thumba la chitukuko cha dera la phungu, lotchedwa C.D.F., limene lidayamba mu 2006, zina ku ntchito zolipira anthu a m'mudzi, monga zija zidayamba ndi MASAF m'zaka za m'ma 1990, ndipo zina kwa maiko ndi mabungwe othandiza. Ichi ndi chifukwa chake funso loyamba pa mseu uliwonse ndi ili: kodi mseu uno ndi wa gulu liti, ndipo auyang'anira ndani?

Ngati simudziwa, musaleke kufunsa poopa kuti mwagogoda khomo lolakwa. Lembani ku khonsolo, pakuti lamulo liti ofesi imene ilibe nkhani yofunsidwayo itumize pempho lanu kwa amene aisunga, ndi kukudziwitsani.

CHIMENE CHIDYA MSEU

Munthu afunsa bwino pa chinthu chimene achidziwa. Mdani wamkulu wa mseu wa dothi si galimoto iai, koma madzi. Kuno kumapiri madzi a mvula sayenda pang'onopang'ono monga kuchigwa. Atsika mothamanga, ndipo akapeza mkwasa wa tayala autsata, naukumba, mpaka pofika Febuluwale pakhala chigwembe cholowa mwana. Dothi lathu lofiira likanyowa literera ngati sopo, ndipo m'madambo galimoto lititimira kufikira m'mimba.

Chifukwa cha ichi mseu wokonzedwa bwino uli ndi zinthu zinai. Uli ndi msana, ndiye kuti pakati pake ndi pokwera kuposa m'mbali, kuti madzi asagone pamenepo. Uli ndi ngalande m'mbali zonse ziwiri. Uli ndi tingalande topatuka, totaya madzi kuthengo asadachuluke. Ndipo pamene madzi ayenera kudutsa mseu pali kalavati kapena mlatho wa msinkhu woyenera. Pamwamba pa izi, malo oterera ndi otsetsereka afuna miyala yaing'ono yothiridwa ndi kutsenderedwa.

Giledala ikadutsa nkungosalaza pamwamba, osakumba ngalande, osatsegula makalavati otsekeka, mseu ukongola mwezi umodzi kapena iwiri, ndipo mvula yoyamba ibweza zonse m'mene zidalili. Chotero pofunsa musakhutire ndi mau akuti "mseu udzakonzedwa." Funsani kuti kukonzako ndi kotani: kusalaza kokha kodi, kapena ndi ngalande zomwe? Makilomita angati? Makalavati angati, ndipo pa malo ati?

KUPEMPHA NTCHITO NDI KUPEMPHA NKHANI

Pali mapempho awiri, ndipo tisawasokoneze. Loyamba ndi lopempha kuti mseu ukonzedwe. Limeneli lili ndi njira yake: liyambira ku komiti ya chitukuko ya kwa gulupu, yotchedwa V.D.C., likwera ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, yotchedwa A.D.C., monga kwa Inkosi Kachindamoto, kwa Kamenyagwaza, kwa Kaphuka, kwa Kasumbu kapena kwa Kachere, ndipo kuchokera kumeneko lifika ku khonsolo, kumene alisanja pamodzi ndi mapempho a madera ena m'buku la mapulani a chitukuko. Pempho limeneli khonsolo ingathe kulichedwetsa, pakuti miseu ndi yambiri ndipo ndalama ndi zochepa.

Lachiwiri ndi lopempha nkhani, ndiye kuti kuona zimene zidalembedwa kale. Limeneli silifuna simenti kapena mafuta a giledala; lingofuna kuti munthu atsegule kabati ndi kutulutsa pepala. Kuchepa kwa ndalama si chifukwa cholikanira. Ndipo pempho lachiwirili ndilo lilondola loyamba lija, kuti mudziwe pamene lidaima: kaya lidafika ku A.D.C., kaya lidalowa m'mapulani, kaya lidapatsidwa ndalama.

Dziwaninso nyengo yake. Kuyambira mu 2022 chaka cha ndalama za boma chiyamba pa 1 Epulo ndi kutha pa 31 Malichi. Bajeti ikonzedwa m'miyezi ya dzinja, Epulo asadafike, ndipo ntchito za miseu ya dothi zigwirika bwino m'chilimwe, kuyambira Meyi kufikira Okutobala. Tsono mudzi wanzeru ufunsa kawiri pa chaka. Mvula ikamayamba ufunsa ngati mseu wake uli pa mndandanda wa chaka chikudzacho. Mvula ikatha, mu Epulo kapena mu Meyi, ufunsa ndalama zimene zavomerezedwa ndi tsiku loyamba ntchito. Wofunsa mu Januwale, mlatho utapita kale ndi madzi, wafunsa mochedwa chaka chimenecho.

MAFUNSO OYENERA KULEMBA

Funso labwino ndi limene yankho lake lili dzina, tsiku, nambala kapena pepala. Nawa mafunso asanu ndi awiri amene akwanira pa mseu uliwonse:

1. Kodi mseu uno ndi wa gulu liti, ndipo udindo woukonza uli ndi yani?

2. Kodi uli m'mapulani a chitukuko a khonsolo, ndi m'bajeti ya chaka chino?

3. Ngati ulimo, ndalama zake ndi zingati, ndipo zichokera ku thumba liti?

4. Ntchito yeniyeni ndi yotani: makilomita angati, makalavati angati, milatho ingati?

5. Kontilakitala ndani, adasankhidwa bwanji, ndipo ayenera kuyamba liti ndi kutsiriza liti?

6. Walandirapo ndalama zingati kufikira lero, ndipo adavomereza kuti ntchito yagwirika ndani?

7. Ntchito ikatha, kodi pali miyezi ingati imene kontilakitala ayenera kubwera kudzakonza zoonongeka ndi ndalama zake?

Funso lotsirizali ambiri saliganiza. Pa ntchito zambiri za zomangamanga pakhala nthawi yoyesera, ndipo mwini ntchito asunga kagawo ka ndalama kufikira nthawiyo itatha. Kalavati ikang'ambika m'kati mwa nthawi imeneyo, mudzi nkukhala chete, kontilakitala alandira ndalama zake zotsala, ndipo kalavati itsala yanu yong'ambika.

KALATA YAKE

Lamulo lilola kufunsa pakamwa kapena polemba. Amene sadziwa kulemba asachite manyazi: ofesi iliyonse ya boma iyenera kukhala ndi munthu woikidwa kulandira mapempho otere, amene pa Chingerezi amutcha information officer, ndipo iye ayenera kulemba pempho la munthu wosadziwa kulemba. Pali ndi fomu yake imene mungaipemphe kumeneko. Komabe ife tikulangizani kuti mupite ndi kalata yolembalemba, pakuti mau a pakamwa auluka, koma pepala likhala. Ingathe kukhala yotere:

Mudzi wa ........., Gulupu ........., Mfumu Yaikulu .........
Tsiku: .........

Kwa Bwanamkubwa, Khonsolo ya Dedza,
kudzera kwa ofesala wolandira mapempho a nkhani.

Bwana,

Ife anthu a midzi ya ......... tili kulemba mwaulemu pa za mseu wochokera pa ......... kukafika pa ........., wotalika makilomita ngati ......... Mseu umenewu ndiwo tidzera ponka ku chipatala cha ......... ndi ku msika wa ......... Potsata gawo 37 la Malamulo Aakulu a dziko lino ndi lamulo la Access to Information, tipempha kuti mutiuze izi: gulu la mseuwu ndi amene auyang'anira, ngati uli m'bajeti ya chaka cha.........; ndalama zimene zidaikidwapo ndi thumba lake; dzina la kontilakitala ndi masiku a ntchito; ndi ndalama zimene zalipidwa kale. Tipemphanso makope a mapepala oonetsa zimenezi. Nkhanizi tizifuna chifukwa cha ufulu wathu wa chitukuko ndi wopeza chithandizo cha chipatala. Yankho mungatumize kwa ......... pa nambala ya foni .........

Ife anu,
Wapampando ndi mlembi wa V.D.C., ndi chidindo cha a Gulupu.

Onani kuti m'kalatamo mulibe chipongwe, mulibe kutchula munthu kuti ndi wakuba, ndipo mulibe dzina la chipani. Kalata yotukwana ipatsa woilandira chifukwa chokambira za kutukwana m'malo mwa mseu. Kalata imodzi inene za mseu umodzi. Mukaphatikizamo za mjigo, za feteleza ndi za denga la sukulu, idzayenda m'maofesi anai ndipo sidzagona pa tebulo la munthu aliyense.

Lembani makalata atatu ofanana. Imodzi musiye ku ofesi. Yachiwiri apondepo chidindo ndi tsiku lolandirira, ndipo mubwerere nayo kwanu. Yachitatu mupatse khansala wanu, kuti nayenso akafunse m'bwalo la khonsolo. Apite anthu awiri kapena atatu, ndipo pakati pao pakhale mayi, pakuti mavuto a mseu amayi ndiwo awasenza kwambiri, ponka ku sikelo, ku chigayo ndi ku msika. Mutu umodzi susenza denga, ndiponso munthu wopita yekha sachedwa kumunamizira kuti adalandira kanthu kumeneko. Lembani dzina ndi udindo wa amene walandira kalata. Kupereka pempho sikulipiritsa. Chimene angakulipitseni ndi mtengo wojambulira mapepala, ndipo pa ndalama iliyonse mutenge lisiti.

MASIKU 15, NDI ZOCHITA AKAKHALA CHETE

Lamulo lipatsa ofesi masiku 15 ogwira ntchito kuti iyankhe. Powerenga musawerenge Loweruka, Lamulungu ndi masiku a tchuthi. Ndiye kuti ndi masabata ngati atatu. M'masiku amenewo dekhani. Antchito a khonsolo ndi anthu ngati ife, ali ndi boma lalikulu loyambira kumalire a Mozambique kufikira kunyanja, ndipo pepala lina liyenera kufunidwa m'maofesi awiri kapena atatu. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Pali nkhani zina zimene lamulo lilola ofesi kubisa, monga za chitetezo cha dziko ndi zinsinsi za moyo wa munthu. Koma kuchuluka kwa ndalama za anthu zoikidwa pa mseu wa anthu si chinsinsi cha munthu aliyense. Ofesi ikakana, iyenera kunena chifukwa chake polemba. Ikangokhala chete masiku nkutha, lamulo liwerenga kuti yakana, ndipo khomo lodandaulira latseguka.

Makwerero ake ndi awa. Poyamba lembani kwa mkulu wa ofesi yomweyo kuti aonenso nkhani yanu, ndipo muphatikizepo kope la kalata ija ya chidindo. Musachedwe nazo, pakuti madandaulo ali ndi nthawi yake. Zikakanika pamenepo, pitani nazo ku Malawi Human Rights Commission, imene ili ndi mphamvu yofufuza ndi youza ofesi chochita. Pamwamba pa onsewa pali khoti. Palinso ofesi ya Ombudsman, yomva madandaulo a anthu amene sadathandizidwe moyenera m'maofesi a boma. Ndipo ngati mapepala aonetsa kuti ndalama zidalipidwa pa ntchito yosaoneka, nkhani yotere ndi ya Anti-Corruption Bureau. Amene avutika ndi kalembedwe angapemphe thandizo kwa aphunzitsi, kapena kwa a komiti ya Chilungamo ndi Mtendere ya pa parishi, amene zotere azizolowera.

Ena aopa kuti akafunsa adzadedwa, kapena kuti mudzi wao udzachotsedwa pa mndandanda wa chithandizo. Mantha amenewa tiwamva, ndipo ndicho chifukwa tanena kuti kalata ichoke m'dzina la komiti ndi chidindo cha mfumu, osati m'dzina la munthu mmodzi. Koma kumbukirani kuti simuli kupempha chifundo. Muli kuchita chimene Nyumba ya Malamulo idalemba kuti muzichita, ndipo wantchito wokhulupirika akondwa ndi funso lotere, pakuti limchotsera mbiri yoipa imene anthu amnenera kumbali popanda umboni.

YANKHO LIKABWERA

Yankho si la m'thumba la wapampando. Liwerengedwe pa bwalo la amfumu, pamaso pa onse, ndipo kope lina likhomedwe pa sukulu kapena pa chipatala. Pamenepo mudzapeza chimodzi mwa zinthu zitatu.

Kapena adzati mseu wanu suli m'mapulani. Nkhani imeneyi ndi yowawa, koma ndi yothandiza, pakuti mwaleka kudikira giledala imene sidatumidwe. Bwererani ku V.D.C. ndi ku A.D.C., muonetsetse kuti pempho lalembedwa m'maminitsi, ndipo khansala alinyamule bajeti isadatsekedwe.

Kapena adzati uli m'mapulani koma ndalama sizidafike kuchokera ku likulu. Pamenepo funsani kuti mseu wanu ndi wachingati pa mndandanda, ndipo mulembenso pakapita miyezi itatu. Mlandu suola.

Kapena adzati ndalama zidatuluka ndipo ntchito idaperekedwa. Apa ndipo pali ntchito yanu yaikulu. Tengani pepalalo, muyende nalo mseu wonse kuyambira poyamba kufikira potsiriza. Werengani makalavati ndi chala. Yesani makilomita ndi njinga yamoto. Yerekezani ndi chikwangwani cha ntchito, ngati adachiimika. Amene ali ndi foni ajambule zithunzi, ndipo mlembi alembe tsiku. Ngati pepala liti makalavati asanu ndi umodzi, inu nkupeza anai, musathamangire kuweruza, pakuti nthawi zina mapulani asinthidwa ntchito ili m'kati. Lembaninso, mufunse za awiri otsalawo ndi pepala lovomereza kusinthako. Ndipo ngati zonse zili m'malo mwake, lembani kalata yothokoza. Ofesi imene ilandira zodandaula zokhazokha iuma mtima, koma imene yathokozedwa pa ntchito yabwino ikumbukira mudzi umenewo.

MBALI YATHU

Wofunsa mnzake za ukhondo ayambe wasesa pakhomo pake. Miseu yambiri ya kwathu kuno ifa msanga chifukwa cha manja athu omwe. Wina alima mizere kufikira m'ngalande, kuti apindule mapando awiri a chimanga. Wina atseka kangalande kopatuka kuti madzi asalowe m'munda mwake, ndipo madziwo atsata mseu naudula. Wina akumba mchenga patsinde pa mlatho, wina achotsa matabwa ndi zitsulo zake, wina adula mitengo ya m'phiri imene idali kugwira madzi. Zimenezi sizifuna kalata ya ku boma. Zifuna mau a amfumu ndi khasu la mudzi. Tsiku limodzi mu Okutobala, nyumba iliyonse itatulutsa munthu mmodzi kukachotsa mchenga ndi zinyalala m'makalavati, lipulumutsa mseu dzinja lonse. Ndipo nthumwi zonka ku khonsolo zilankhula ndi nkhope yowala pamene zingathe kunena kuti: "Ngalande talambula tokha; chotikanika ndi mlatho."

Tsono, abale athu, nkhaniyi musaipinde ndi kuiika pansi pa mphasa. Iwerengeni madzulo pabanja, ndipo amene ali m'komiti ya chitukuko aitengere ku msonkhano wotsatira. Sankhani mseu umodzi, umene ukuvutani koposa yonse. Pezani dzina la poyambira ndi la pothera pake, lembani makalata atatu aja, sankhani nthumwi zanu, ndipo pa kalendala ya m'nyumba muike chizindikiro pa tsiku limene masiku 15 adzakwana.

Tsalani bwino nonse, ndipo muyende bwino m'miseu yanu.